Nyerere za M'nkhuyu: Zolipira Zosaoneka Posankha Broker wa Malonda a Gasi

Malonda a gasi wachilengedwe pamisika ikuluikulu ya dziko lapansi sachitika pamaso ndi pamaso. Munthu wamba wofuna kupindula ndi kukwera kapena kutsika kwa mtengo wa gasi sangafike yekha pamsika. Amadutsira kwa mkhalapakati wovomerezeka, amene amalonda amamutchula kuti broker. Iyeyu ndiye amatsegula akaunti, amasunga chikole, amatumiza maoda kumsika, ndipo pa zonsezi amadyapo. Kudyapo si mlandu, poti wogwira ntchito ayenera kulandira zake. Nkhani yagona pakuti zambiri mwa zimene wamalonda amalipira sizilembedwa pa chikwangwani choitanira makasitomala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu yakupsa imafiira bwino kunja, ndipo amene anakulira pafupi ndi mkuyu amadziwa kuti saiponya m'kamwa asanaing'ambe pakati. Mawu akuti "palibe komishoni" ndi khungu la nkhuyuyo.

Gasi amene akunenedwa pano si uja wophikira wa m'masilinda, amene ndi propane ndi butane. Uyu ndi methane wokumbidwa pansi pa nthaka kapena pansi pa nyanja, monga wa ku Pande ndi Temane ku Mozambique, amene wakhala akuyenda m'paipi kupita ku Secunda ku South Africa kuyambira 2004. Mitengo yake imene dziko lonse limayang'ana imapangidwa m'malo owerengeka. Ku America ndi ku Henry Hub, kumene mapaipi ambiri amakumana pafupi ndi tauni ya Erath m'chigawo cha Louisiana. Msika wa NYMEX unayamba kugulitsa makontrakiti a gasi wa pamalopo mu Epulo 1990, ndipo kuyambira 2008 msikawo uli m'manja mwa CME Group. Ku Ulaya mtengo wotsogolera ndi wa TTF ya ku Netherlands, umene umawerengedwa m'mayuro. Kontrakiti imodzi ya Henry Hub ndi ya 10,000 MMBtu, muyeso wa kutentha kumene gasi amatulutsa akayaka. Mtengo ukakhala madola 3 pa MMBtu, kontrakitiyo ndi ya madola 30,000. Kusuntha kochepetsetsa kwa mtengo ndi 0.001 ya dola, ndipo pa kontrakiti yonse kumeneko ndi madola 10. Iliponso kontrakiti yocheperapo ya 2,500 MMBtu, ndi ina ya 1,000 MMBtu imene inayamba mu 2023. Wosadziwa manambala amenewa sangathe kuwerengera chimene broker akumudula.

Makomo olowera ndi awiri, ndipo amasiyana kwambiri pa kalipiridwe. Loyamba ndi la futures, makontrakiti a pamsika weniweni olonjeza kugula kapena kugulitsa gasi m'mwezi wotchulidwa. Apa broker amangonyamula oda kukaipereka kumsika, ndipo mtengo umene kasitomala akuuona ndi womwewo umene aliyense akuuona. Lachiwiri ndi la CFD, mgwirizano wa pakati pa kasitomala ndi broker mwiniyo, woti adzalipirana kusiyana kwa mtengo kuchokera potsegula kufika potseka. Pakhomo limeneli palibe gasi amene amagulidwa, ndipo nthawi zambiri oda siifika kumsika konse. Broker ndiye amaika mtengo, ndipo kawirikawiri ndiye amaima mbali inayo ya malondawo, kutanthauza kuti kuluza kwa kasitomala kungathe kukhala phindu lake. Ku United States ma CFD saloledwa kwa anthu wamba, koma ku Britain, ku Ulaya, ku Australia ndi ku South Africa ndiwo khomo limene ambiri oyamba kumene amalowera, chifukwa limalandira ndalama zochepa.

Komishoni ndiyo imaoneka poyera, ndipo kawirikawiri ndiyo yochepa kuposa zonse. Pa futures imalipidwa potsegula ndi potseka, ndipo pamwamba pake pamabwera ndalama za msika, za nyumba yotsimikiza malonda, ndi masenti owerengeka a bungwe la National Futures Association. Chofunika kufunsa n'chakuti nambala yotchulidwayo ndi ya ulendo umodzi kapena wa kupita ndi kubwerera, komanso ngati zolipira za msika zili m'katimo kale. Funsoli likayankhidwa, za komishoni zatha.

Spread ndiye nyerere yoyamba. Nthawi iliyonse pamakhala mitengo iwiri: umene munthu angagulire ndi umene angagulitsire, ndipo wogulira umakhala pamwamba. Mpata wa pakati pakewo wamalonda amaulipira nthawi yomwe watsegula malonda, mtengo usanasunthe n'komwe, n'chifukwa chake akaunti imaonetsa kuluza pang'ono oda ikangolowa. Pa kontrakiti ya Henry Hub ya mwezi wapafupi, nthawi imene msika uli wodzaza, mpatawo umakhala wa kusuntha kumodzi kapena kuwiri, madola 10 kapena 20. Broker wa CFD wosalipiritsa komishoni amakulitsa mpata umenewu, ndipo chowonjezeracho ndiwo malipiro ake. Chitsanzo chongoyerekeza chikuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Broker wina akhale wolipiritsa madola 5 a komishoni kupita ndi kubwerera, ndi spread ya madola 10: zonse ndi madola 15. Wina akhale wopanda komishoni koma spread yake ndi 0.006, imene pa mlingo womwewo wa 10,000 MMBtu ndi madola 60. Wochita malonda ka 200 pachaka adzasiya madola 3,000 kwa woyambayo ndi madola 12,000 kwa wachiwiriyo. Amene amaoneka waulere ndiye wodula kanayi, ndipo kasitomala sadzaona pa sitetimenti yake mzere uliwonse wotchula ndalamazo, chifukwa zinasungunukira mu mtengo wogulira.

Palinso chinyengo cha mawu aang'ono akuti "kuyambira pa". Broker akalemba kuti spread yake imayambira pa nambala yakuti, akunena za ola labwino koposa la tsiku labata. Gasi alibe masiku ambiri abata. Lachinayi lililonse pa 10:30 m'mawa nthawi ya ku New York, bungwe la boma la America la Energy Information Administration limatulutsa lipoti la kuchuluka kwa gasi amene ali m'nkhokwe za pansi pa nthaka, ndipo m'masekondi ochepa mtengo umatha kudumpha mtunda umene tsiku lina ukanauyenda maola. Pa nthawi yotere ogulitsa amachotsa maoda awo, mpata umatseguka, ndipo oda yoti malonda atsekedwe mtengo ukafika pakuti imakwaniritsidwa pa mtengo wina woipirapo. Kuterereka kumeneku amalonda amakutcha slippage. Kumachitikanso msika ukatsegulidwa Lamlungu madzulo nthawi ya ku America, zolosera za nyengo zitasintha pa masiku awiri otseka, kapena pakagwa ngozi, monga pamene malo otumizira gasi kunja a Freeport LNG ku Texas anaphulika pa 8 Juni 2022, mtengo wa ku America n'kugwa mwadzidzidzi chifukwa gasi amene akanapita kunja anatsalira m'dzikomo. Mabroker ena amagulitsa chitsimikizo choti oda yotsekera idzakwaniritsidwa pa mtengo weniweniwo, koma chitsimikizocho chili ndi mtengo wake. Muyeso woona wa broker ndi spread yake yapakatikati pa mwezi wathunthu, makamaka ya Lachinayi, komanso ngati kuterereka kumagwera mbali zonse ziwiri kapena nthawi zonse kumagwera kasitomala yekha.

Nyerere yachiwiri imadya usiku. Wogwira CFD ya madola 30,000 ataika chikole cha madola 3,000 amatengedwa ngati wabwereka zotsalazo, ndipo mabroker ambiri amawerengera chiwongoladzanja pa madola 30,000 onse, osati pa chikole chokha. Chiwongoladzanjacho chikakhala 7 peresenti pachaka, ndiye kuti pafupifupi madola 6 amachoka tsiku lililonse, madola 175 pamwezi. Poyerekeza ndi 30,000 ndalamayo ikuoneka yaing'ono; poyerekeza ndi madola 3,000 amene munthuyo anatulutsa m'thumba mwake, ndi pafupifupi 6 peresenti mwezi umodzi. Masiku a Loweruka ndi Lamlungu nawonso amawerengedwa, ndipo ambiri amadula za masiku atatu pa tsiku limodzi la m'sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akale polimbikitsa wakhama, koma mwambiwo umagwiranso ntchito kwa wotolera: mtolo umene ukukula ndi wa broker. Pa futures palibe chiwongoladzanja chotere, chifukwa chikole cha kumeneko si gawo la malipiro koma ndalama yosonyeza kuti munthu angakwanitse lonjezo lake. Chofunika kufunsa kumeneko n'chakuti ndalama zimene zangokhala mu akaunti zimaberekera ndani.

Koma chimene chimasiyanitsa gasi ndi golide kapena ndalama zakunja ndi kalendala. Gasi ndi wovuta kusunga ndipo kufunika kwake kumatsatira nyengo. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala makampani a ku America amathira gasi m'nkhokwe, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi amamutapa kuti atenthetse nyumba m'chisanu. Motero mwezi uliwonse uli ndi kontrakiti yake ndi mtengo wake, ndipo ya Januwale kawirikawiri imakhala pamwamba pa ya Okutobala. Kontrakiti iliyonse imatha pakatsala masiku atatu ogwira ntchito kuti mwezi wake uyambe. Wofuna kukhalabe pamsika ayenera kugulitsa imene ikuthayo ndi kugula ya mwezi wotsatira, ndipo pochita zimenezo amalipiranso spread ndi komishoni. Pachaka zimenezi zingachitike ka 12.

Chopweteka kwambiri chimabwera pamene mwezi wotsatirawo uli wodula kuposa umene ukutha, mkhalidwe wotchedwa contango. Poyerekeza, kontrakiti yakutha ikhale pa 2.80 ndipo yotsatira pa 3.10. Wogula amasiya yotchipayo n'kutenga yodulayo. Mtengo wa gasi wa tsikulo ukapanda kusintha mwezi wonse, kontrakiti yatsopanoyo imatsetsereka pang'onopang'ono kukakumana nawo pa 2.80, ndipo masenti 30 pa 10,000 MMBtu ndi madola 3,000 otayika gasi asanatsike mtengo ngakhale pang'ono. Zikakhala mosemphana, mwezi wapafupi n'kukhala wodula, kutsetserekako kumakomera wogula ndi kupweteka wogulitsa. Thumba la United States Natural Gas Fund, limene linakhazikitsidwa mu 2007 kuti anthu azigula gasi ngati akugula masheya, limasintha makontrakiti mwezi ndi mwezi, ndipo lataya zoposa 90 peresenti ya mtengo wake kuchokera pamene linayamba. Gasi mwiniyo anatsika ndithu m'zaka zimenezo, koma osati mofika pamenepo. Kusiyanako kunadyedwa makamaka ndi kusintha miyezi. Anthu ambiri analosera bwino kuti gasi akwera, koma anatuluka ndi matumba opepuka chifukwa kukwerako kunali kutalembedwa kale mu mtengo wa mwezi umene anagula.

Contango si mlandu wa broker, koma mmene broker amaichitira ndi nkhani yoyenera kufufuzidwa mosamala. Wina amatseka malonda pa tsiku lakutha n'kusiya kasitomala atsegule yekha. Wina amasamutsa malondawo n'kudula kapena kuwonjezera ndalama mu akaunti molingana ndi kusiyana kwa miyezi iwiriyo, pamwamba pake n'kuikapo spread. Wina amagulitsa chimene amachitcha gasi wopanda tsiku lakutha, ndipo amagawa kusiyanako m'tizidutswa ta tsiku ndi tsiku, n'kusakaniza ndi ndalama yake ya ntchito mu nambala imodzi. Njira yachitatuyi ndi yosavuta kwa woyamba kumene, koma ndiyonso imabisa kwambiri, chifukwa kasitomala sangalekanitse chimene msika watenga ndi chimene broker watenga. Broker woona mtima amalemba poyera masamu amene amagwiritsa ntchito ndi masiku osinthira, ndipo amene amazemba funso limeneli wadziulula yekha. Masiku omaliza a kontrakiti ali ndi ukali wawonso. Pa 27 Januwale 2022, tsiku limene kontrakiti ya Febuluwale inkatha, mtengo wake unakwera pafupifupi 46 peresenti, ambiri atachoka kale pamsika ndipo otsalawo akupikisana kutseka. Mabroker a anthu wamba salola kasitomala kufika poti alandire gasi weniweni ku Louisiana, choncho amatseka okha malonda a wozengereza, pa mtengo umene wapezeka, ena n'kulipiritsanso chindapusa.

Chikole nachonso chili ndi mtengo umene sulembedwa ngati malipiro. Broker wolola munthu kugwira malonda aakulu ndi chikole chochepa amaoneka wachifundo, koma walira mvula walira matope. Gasi wa Henry Hub anali pansi pa madola 2 mu 2020, anayandikira madola 10 mu Ogasiti 2022, n'kubwereranso pansi pa madola 2 kumayambiriro kwa 2024. Ku Ulaya mtengo wa TTF unapitirira mayuro 300 mu Ogasiti 2022, gasi wa ku Russia atachepa. Pa katundu wotere, chikole cha 1 peresenti chimatha ndi kugwedezeka kwa mphindi zochepa, ndipo malonda otsekedwa mokakamiza amatsekedwa pa nthawi imene spread yatambasuka koposa. Msika nawo umakweza chikole chofunika mitengo ikayamba kulusa, ndipo broker amaloledwa kuonjezerapo chake. Ngakhale akatswiri anagwa pamenepa. Kampani ya Amaranth Advisors ya ku Connecticut inataya pafupifupi madola 6 biliyoni mu Seputembala 2006, mbali ina chifukwa cha malonda a kusiyana kwa mitengo ya Malichi ndi Epulo. Mu Novembala 2018 gasi anakwera pafupifupi 18 peresenti tsiku limodzi, ndipo makasitomala a kampani ya OptionSellers ya ku Florida anataya zonse, ena n'kutsalanso ndi ngongole kwa broker wosunga maakaunti awo. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri mwa iwo anazindikira mochedwa kuti munthu angathe kuluza zoposa zimene anaika.

Chifukwa cha zotere, mu 2018 bungwe la European Securities and Markets Authority linaika malire pa ma CFD ogulitsidwa kwa anthu wamba. Pa katundu ngati gasi, malonda sayenera kupitirira ka 10 chikole chimene munthu waika. Akaunti ikatsika kufika theka la chikole chofunika, broker ayenera kuyamba kutseka. Kasitomala sangatsale ndi ngongole yoposa ndalama za mu akaunti yake. Mabonasi okopera anthu analetsedwa. Ndipo broker aliyense ayenera kulemba poyera kuchuluka kwa makasitomala ake amene amaluza. Kafukufuku amene bungweli linatsamira anaonetsa kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba ankataya ndalama. Britain inakhazikitsa malamulo ofanana mu 2019, ndipo Australia inatsatira mu 2021. Broker wolembetsedwa pa kachilumba kakutali, wolonjeza malonda a ka 500 chikole ndi bonasi ya ndalama zoyambira, sali pansi pa malamulo amenewa, ndipo bonasiyo kawirikawiri imamangiriridwa ku lamulo loti munthu achite malonda ochuluka kwambiri asanatape ndalama zake, kuti spread ibweze zonse.

Zilipo zina zing'onozing'ono zosafuna mawu ambiri: ndalama ya mwezi ndi mwezi yoonera mitengo ya pamsika nthawi yomweyo, ya pulogalamu yochitira malonda, ya akaunti imene yakhala osagwiritsidwa ntchito, ya kutapa ndalama. Imodzi yokha ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa, ya kusintha ndalama. Gasi wa Henry Hub amawerengedwa m'madola, choncho amene akaunti yake ili m'marandi kapena m'mapaundi amadulidwa pa phindu ndi pa kuluza komwe, nthawi iliyonse broker akasintha. Kwa amene ndalama zake zili m'makwacha a Malawi pali chotchinga china chisanafike zonsezi, chifukwa kutumiza ndalama kunja kuli pansi pa malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo kuwalambalala ndi mlandu.

Cholipira chachikulu kuposa zonse ndi chimene chimabwera kamodzi: kugwa kwa broker mwiniyo. Kampani ya MF Global inali imodzi mwa zikuluzikulu pa malonda a futures pamene inagwa pa 31 Okutobala 2011, ndipo kunapezeka kuti pafupifupi madola 1.6 biliyoni a makasitomala, amene lamulo limati azisungidwa padera, sanali pamalo pake. Makasitomalawo anadzabwezeredwa, koma patapita zaka, malonda awo atasokonekera kale. Ngati zinatheka pansi pa maso a oyang'anira a ku America, n'zosavuta kuganiza zimene zimachitika kumene kulibe woyang'anira. Choncho broker wa spread yokulirapo pang'ono amene ali ndi chiphaso cha mabungwe oyang'anira monga CFTC ndi NFA ku America, FCA ku Britain, ASIC ku Australia kapena FSCA ku South Africa angathe kukhala wotchipa kuposa wa spread yopyapyala wopanda mbuye. Ku Britain thumba la FSCS limateteza ndalama za kasitomala mpaka mapaundi 85,000 kampani yovomerezeka yotere ikagwa, ngakhale silibweza zimene munthu waluza pa malonda. Nambala ya chiphaso iyenera kutsimikizidwa pa kaundula wa bungwe loyang'aniralo, osati pa tsamba la broker, chifukwa akuba amabwereka mayina ndi manambala a makampani enieni. Makampani ambiri alinso ndi nthambi m'mayiko angapo pansi pa dzina limodzi, ndipo chitetezo chimatsatira nthambi imene yalembedwa pa mgwirizano umene kasitomala wasayina.

Palibe broker mmodzi wotchipa kwa onse, chifukwa zolipirazi zimalemera mosiyana malinga ndi kutalika kwa nthawi imene munthu amagwira malonda. Wolowa ndi kutuluka tsiku lomwelo sakhudzidwa ndi chiwongoladzanja cha usiku kapena kusintha miyezi. Chimene chimamudya ndi spread, komishoni ndi kuterereka. Wogwira masabata angapo angapirire spread yokulirapo, koma chiwongoladzanja ndi kasamutsidwe ka miyezi ndizo zimasankha ngati atsala ndi kanthu, ndipo kwa iye futures kapena CFD yokhala ndi tsiku lakutha kawirikawiri imatchipa kuposa ija yopanda tsiku. Kuwerengera koyenera kumayamba ndi malonda amodzi a mlingo umene munthuyo amachitadi, kwa masiku amene amagwiradi, n'kuwonkhetsa zonse m'madola kwa broker aliyense, kenako n'kugawa ndi mlingowo kuti aone kuti mtengo wa gasi uyenera kusuntha bwanji asanayambe kupeza phindu. Akaunti yoyeserera imathandiza kuphunzira pulogalamu, koma kawirikawiri siionetsa kuterereka kwenikweni, choncho manambala odalirika amachokera pa malonda aang'ono a ndalama zenizeni, oyerekezedwa ndi mtengo wa NYMEX wa mphindi yomweyo. Ku Ulaya ndi ku Britain malamulo a MiFID II, amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018, amakakamiza broker kupereka chiyerekezo cha zolipira zonse malonda asanachitike, ndi lipoti la zimene zinalipiridwadi kamodzi pachaka, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wopempha kuti ndalamazo zimasuliridwe imodzi ndi imodzi.